Za Kuphika Cakudya ca Krisimasi m'Dziko la Eni

Abale athu a kumudzi, inu amene muwerenga masamba awa mwezi ndi mwezi, tiri ndi mlandu umene tifuna kuutula pamaso panu. Suli mlandu wa kuba kapena wa ndeu, koma wa mphika wa nsima ndi nkhuku zitatu. Ndipo pakumva ici kapena mudzaseka, ndi kunena kuti anthu a kunja asowa cocita. Koma tikupemphani muleze mtima kufikira titatha, pakuti mlanduwu unatigawa ife miyezi ingapo, ndipo tiyesa kuti ukhudza nyumba iri yonse imene iri ndi mwana ku Johannesburg, ku Harare, kapena tsidya lija la nyanja zazikuru. Funso lace ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu wokhala m'dziko la eni aphike madyerero a kwao, pamene kwao komweko abale ace alikusowa?

Ife tikhala mu mzinda wa Glasgow, m'dziko la Scotland, kufupi ndi mudzi uja wa Blantyre kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, umene dzina lace linapatsidwa kwa Blantyre wa kwathu mu 1876. Tiri mabanja owerengeka: ena anamwino, ena osamalira nkhalamba m'nyumba zosungiramo okalamba, ena ophunzira. Mwezi wa December kuno suli monga kwathu. Kwathu ndiyo nyengo ya mvula, cimanga cifika m'maondo, mango apsya, ana atola ngumbi ndi bowa. Kuno dzuwa lituruka 9 koloko iri pafupi, nililowa 4 koloko isanakwane. Mitengo iribe masamba, ndi mphepo ilowa m'mafupa. Pa nyengo yotere mtima wa munthu ubwerera kwao wosautuma, ndipo cimene uyamba kukumbuka si mapiri kapena mitsinje iai, koma pfungo la pamoto.

Cimene Tinacita

Krisimasi ya caka ca 2024 inagwa pa Lacitatu, ndipo ambiri a ife tinali pa nchito tsiku limenelo, pakuti odwala ndi okalamba sadziwa tsiku la kupuma. Cifukwa cace tinapangana kusonkhana Loweruka lace, pa 28 December, ndi kuphika monga aphika kwathu. Kukonzekera kunayamba kale. Wina anali atabwera ndi cambo couma ndi usipa m'katundu wace pocokera ku Malawi, pakuti malamulo a kuno alola nsomba zouma, ngakhale aletsa kulowa ndi nyama. Wina anasunga mfutso wa nkhwani ndi nsinjiro, zimene amace anampatsa pomlawira. Wina anapeza mpunga wa Kilombero, umene alima ku Karonga. Ufa woyera tinaugula m'sitolo yogulitsa zakudya za ku Africa, ufa wocokera ku South Africa, wosafanana ndithu ndi wathu wa mphale yonyika, koma woti munthu nkuphikira. Nkhuku za kuno zifewa msanga ndi kuphwasuka mumphika msuzi usanakome. Tsono tinayendayenda kufikira tinapeza zolimba, zonga za kumudzi. Ndipo mai wina anameretsa mawere m'kabati yofunda, kuti cimera ca thobwa cisasowe.

Tsiku lace litafika, nyumba yaing'ono ya m'mwamba inadzala nthunzi kufikira mazenera anacita thukuta. Acemwali athu anabvundula nsima ndi mthiko umene unakwera ndege kucokera kwathu, wina atagwira mphika ndi nsaru, popeza pa mbaula ya magetsi palibe mafua ouletsa kuterereka. Nkhuku zinakazingidwa ndi anyezi ndi matimati, mfutso unatenderedwa, mpunga unanunkhira kufikira pa makwerero. Ana obadwira kuno, amene azolowera foloko, tinawasambitsa m'manja ndi kuwaonetsa kutema nsima ndi kuumba mbamu. Ndipo anaseka, nadya. Titakhuta tinaimba nyimbo za Krisimasi m'cinenero cathu, ndi ena a ife anagwetsa misozi, yosakhala ya cisoni yokha. Koma tisanayambe kudya, mmodzi wa acemwali aja anali atajambula gome lonse ndi foni yace, mbale ziri zodzala, natumiza cithunzico kwa amace kumudzi pa WhatsApp, kuti aone kuti mwana wao sanaiwale za kwao.

M'mawa mwace yankho linafika, mau a nkhalamba, ofatsa, opanda mkwiyo: “Mwana wanga, taona, ndipo takondwa kuti muli moyo. Idyani bwino. Kuno ife tinadya nsima ya mgaiwa ndi cigwada, ndi ana a mlongo wako anagawana mango. Cimanga camera, koma cayamba cikasu, pakuti feteleza sitinathe kugula.” Sanapemphe kanthu, sanadzudzule munthu. Koma mau awa, pamene anamveka pakati pathu, anawawa koposa kudzudzula.

Inu mudziwa bwino koposa ife mmene caka cimeneco cinaliri. Mwezi wa November 2023 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 mwa 100, ndi mitengo ya zinthu inakwera. Mvula inadukiza cimanga ciri m'munda, kotero kuti mwezi wa March 2024 Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza tsoka la njala m'maboma 23 mwa maboma 28. Ife tinadziwa zonsezi; tinaziwerenga, tinazipempherera; koma pogula nkhuku sitinaziika pa muyeso.

Maganizo Awiri

Pamene tinasonkhananso, mbale wina, munthu wamkuru pakati pathu, amene atate wace anagwira nchito m'migodi, anati madyerero otere aleke. “Abale anga,” anatero, “werengani zimene tinamwaza. Nkhuku, mpunga, zakumwa, ndi maulendo a kufunafuna zonsezi: mukaziphatikiza ndi kuzisintha kukhala ndalama za kwathu, zikadagula feteleza wa munda wa amai aja. Krisimasi igwa pa miyezi imene nkhokwe za kwathu zipepuka, ndi January ali pakhomo ndi ndalama za sukulu. Ife tidya cambo ca m'nyanja yao ndi mfutso wa m'munda mwao, ndi kuwatumizira cithunzi. Kodi cithunzi adya? Cenjerani, umu ndimo ayambira machona.”

Mau awa, machona, sali acilendo kwa inu. Kuyambira masiku a msonkho wa Boma la Angerezi, amuna a dziko lathu anapita ku Harare, umene pa nthawiyo unali Salisbury, ku Bulawayo, ndi ku migodi ya golidi ya Johannesburg, kumene ife titi ku Joni. Poyamba pa zaka za m'ma 1970 amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, otengedwa ndi Wenela. Ndipo ulendowo unaimitsidwa mu 1974, itagwa ndege ku Francistown mwezi wa April ndi kupha amuna athu 74 alikubwerera kwao. Ambiri anabwera ndi njinga, zofunda ndi makina osokera. Koma ena sanabwere, ngakhale kulemba kalata, ndipo iwo ndiwo machona. Pa njala ya 1949, m'maboma a kumwera, akazi ambiri anatsala okha ndi ana, amuna ao ali kutali; amene analandira kanthu kocokera kwa amunawo anapirira, koma amene anaiwalika anasauka koposa onse. Mbale wathuyo sananene zopanda pace.

Koma mlongo wina, namwino wogwira nchito ya usiku, anayankha ndi mtima wowawa. “Acimwene, mwanena zoona, koma si zonse. Ndani wa ife satumiza mwezi ndi mwezi? Ine ndilipirira sukulu ana atatu amene sindinawabale, ndipo nyumba ya amai ndinaifolera ndi malata. Caka conse ndidya cimene ndapeza, ciriri, mofulumira, ndekha. Kodi tsiku limodzi ili ndilo mundimana? Munthu si ng'ombe ya mkaka, yongokamidwa. Ndiponso onani ana awa: akapanda kudziwa nsima, adzadziwa bwanji agogo ao? Mwana wosadziwa kukoma kwa kwao sadzatumiza kanthu kumeneko ife titafa.”

Tinabalalika tsiku lija osamvana, ndipo takhala tikusinkhasinkha kuyambira pomwepo. Tiyesa tsopano kuti onse awiri anagwira mbali ya coonadi, koma yense anaphonya kanthu.

Mbale woyambayo anaphonya apa: ayesa kuti cikondi ca kwathu cikhala cokha cosadyetsedwa. Koma cikondi ciri ngati moto wa pamafua, umene ukapanda kusonkhezedwa uzima, ungakhale unali waukuru. Machona sanachone tsiku limodzi. Anayamba kuleka kusonkhana ndi anzao a kwao, naleka cinenero, naleka kusunga masiku amene kwao asunga. Ndipo kuleka kalata kunadza pambuyo. Ndiponso munthu amene atumiza ndalama mwa mangawa okha, wopanda cimwemwe ciri conse pokumbuka kwao, posacedwa ayamba kuona abale ace ngati okhometsa msonkho. Foni ikalira, mtima wace ugunda ndi mantha, ndipo tsiku lina aleka kuiyankha. Tawaona otere ndi maso athu. Cifukwa cace sitibvomera kuti madyerero aleke.

Koma mlongo uja anaphonyanso, ndi ife tonse pamodzi naye, pakuti tinayesa kuti kwathu kuli mumphika. Kuti tikapeza ufa woyenera, nsomba yoyenera ndi mpunga woyenera, tapeza kwathu. Ici ndico tifuna kuciyesa bwino.

Kodi ca Kwathu Nciani?

Tiyeni tiyang'ane m'mbale zija imodzi imodzi. Cimanga, cimene titi ndico moyo, sicinayambe m'dziko lathu: kwao ndi ku Mexico, ndipo cinafika pa magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, nicilowa m'kati mwa dziko pang'ono pang'ono. Makolo athu akale anaphika nsima ya mapira ndi mawere. Cinangwa ca cigwada, mtedza wa nsinjiro, maungu a nkhwani, mbatata, nyemba ndi matimati, zonsezi zinaoloka nyanja kucokera ku America. Nkhuku ndi mpunga umene tilima kwao ndi ku Asia. Ndi dzina lomwe la Kilombero ndilo la cigwa ca ku Tanzania. Pa gome lathu lonse, zobadwira kumbali zathu zinali cambo ndi usipa wa m'nyanja, ndi mawere a thobwa.

Ngakhale tsiku lomwe ndi mlendo. Makolo athu anali ndi madyerero ao a masika ndi a maukwati. Koma Krisimasi inadza ndi amishoni, ndipo mpunga ndi nkhuku ndi zobvala zatsopano zinaphatikana nayo pambuyo. Ndipo cotidabwitsa ndi ici: m'Scotland muno, mmene munacokera amishoni a Blantyre ndi a Livingstonia, nyumba ya malamulo inaletsa kupuma kwa masiku a Krisimasi mu 1640, ndipo tsikuli linakhala la nchito kwa anthu ambiri kufikira 1958. Lero eni dziko aocha nkhukundembo, imenenso iri mbalame ya ku America, naiyesa cakudya ca mwambo wao. Zakudya ziyenda monga ayenda anthu, ndipo mlendo wa dzulo akhala mwini mudzi wa mawa.

Tsono ngati cimanga ndi mlendo, ndi nkhuku mlendo, ndi tsiku lomwe mlendo, ca kwathu nciani? Tiyankha kuti ca kwathu ndiwo madyedwe. Kwathu munthu akapita pa njira anthu alikudya, amuitana angakhale samdziwa dzina. Nsima ikapsya, mbale yoyamba ipita kwa nkhalamba ya kuseri kwa nyumba, kapena kwa wodwala, mwana ataisenza. Wa paulendo amsungira yace, yobvundikira bwino, angakhale sadziwa ngati afika usiku womwewo. Nkhuku siphedwa cifukwa ca nkhuli ya mwini wace. Iphedwa cifukwa kwabwera mlendo. Akuru anati, cakudya sicicepa, cicepa ndi cobvala. Anatinso, kupatsa nkuika. Zimenezi sizinabwere ndi combo ca munthu ali yense. Ndizo zinalandira cimanga cacilendo ndi kucisandutsa nsima yathu.

Pamene tinadziyesa ndi muyeso uwu, manyazi anatigwira. Citseko cathu cinali cokhoma. Kuseri kwa khoma la nyumba ija kukhala nkhalamba ya mtundu wa kuno, mwamuna amene mkazi wace anamwalira. Iye anamva nyimbo zathu ndi pfungo la nkhuku zathu ali yekha, ndipo panalibe wa ife anaganiza za kugogoda pakhomo pace. Panalinso mnyamata wa kwathu, wophunzira wofika catsopano, wopanda mbale mu mzinda uno, amene sitinamuitane cifukwa tinati mipando yacepa. Ife amene tinakulira pa mphasa! Ndipo kwa amai kumudzi, m'malo mwa mbale yoyamba, tinatumiza cithunzi ca mbale. Tinali nazo zonse za kwathu, koma mwambo wa kwathu tinausiya. Ndipo tisanamizire eni dziko kuti ndiwo anatiphunzitsa, pakuti iwonso ali ndi mwambo wao, usiku wa Caka Catsopano, wa kulowa m'nyumba za anansi ao atanyamula mphatso. Kukhoma citseko tinadziphunzitsa tokha.

Kukumbuka kwa Mitundu Iwiri

Pali kukumbuka kwa mitundu iwiri, ndipo poyang'ana kunja kufanana. Kwina ndiko kukumbuka kwa m'mimba. Muidziwa mbiri ya ana a Israyeli m'cipululu, mmene analirira nsomba ndi anyezi ndi adyo za ku Aigupto: anakumbuka ndiwo, naiwala ukapolo umene anadyeramo ndiwozo. Momwemo munthu wa kunja angathe kukumbuka kwao ngati malo a cambo ndi mango okha, naiwala njala ya February ndi msana wa amace pa khasu. Kukumbuka kotere kutumikira mwini wace yekha. Kukhuta, kugona, ndipo m'mawa palibe amene wathandizidwa.

Kwina ndiko kukumbuka kwa cibale. Pamene Ayuda obwerera ku ukapolo anayamba kulira pa tsiku lopatulika, Nehemiya sanawauze kuti asale kudya. Anawatuma kukacita madyerero, koma anaikapo lamulo lakuti osowa atumiziridwe gawo lao. Cimwemwe ca mwini ndi gawo la mnzace anaziika m'dengu limodzi. Ndipo tsiku limene tisunga pa Krisimasi ndilo la Mwana wobadwira pa ulendo, kutali ndi mudzi wa amace, amene posacedwa anakhala mlendo m'dziko la eni. Kucita madyerero a tsikulo ndi citseko cokhomera mlendo ndiko kusamdziwa mwini tsiku.

Yankho lathu tsono ndi ili: nkoyenera kuphika, koma cakudyaco cikhala ca kwathu pokhapo pamene cidyedwa monga adyera kwathu. Munthu wophika nsima ya ufa wa kwao, nadya yekha ndi a m'nyumba mwace osakumbuka wina, waphika cakudya cacilendo. Ndi iye amene asowa ufa, naphika mbatata ya kuno, naitana mnansi wace, natumiza gawo kumudzi, ameneyo wadya Krisimasi ya kwathu.

Cimene Tinapangana

Potsiriza tinamvana pa zinthu zinai, ndipo tizilemba pano kuti inu mukhale mboni zathu.

Coyamba, gawo la kumudzi lipite patsogolo. Mwezi wa November, pamene mvula yoyamba iri pafupi ndi feteleza afunika, tisanagule nkhuku ngakhale imodzi, banja liri lonse litumize kwao ndalama zosacepera zimene lidzamwaza pa madyerero, pamwamba pa zimene litumiza masiku onse. Amene sangathe zonse ziwiri acepetse madyerero, asacepetse gawo. Mbale ya nkhalamba iomoledwa poyamba. Makombo sali mphatso.

Caciwiri, banja liri lonse lidze ndi mlendo mmodzi amene alibe kopita tsikulo: mnansi wokalamba, wophunzira, mnzathu wa pa nchito wa mtundu uli wonse. Mipando ikacepa, eni nyumba akhale pansi.

Cacitatu, za zithunzi. Titumize nkhope za anthu, osati mbale za ndiwo. Ndipo tisanaonetse kanthu, tiyambe tafunsa mmene kwacera kumudzi. Pakuti cimene kwa ife ciri cikumbutso, kwa munthu wa njala cingakhale cinyozo, cingakhale sitinafune kutero.

Cacinai, ana asadye kokha, koma agwireko nchito, ndi kuuzidwa maina: ndani analima mtedza uwu, ndani anafutsa nkhwani uyu, ndi mphasa yoanikapo inali pakhomo pa yani. Mwana akadziwa kuti mfutso uli ndi mwini, adzadziwa kuti iye ali ndi mangawa.

Wina adzati, Kodi potero mlandu watha? Iai, sunathe. Titatumiza gawo, ife tidyabe nkhuku, ndipo ziripo nyumba kwathu zimene Krisimasi ipita osaona dontho la mafuta. Kusiyana kumeneku sikucotsedwa ndi mapangano a mabanja owerengeka. Koma tiyesa kuti munga uwu uyenera kukhala pamene uli. Munthu wa kunja amene adya za kwao osaumva wayamba kale kuchona, angakhale anena Cicewa cosalala. Cimene tikana ndizo njira ziwiri zopepuka: kuzula mungawo pakuiwala abale, kapena kuuzula pakutaya cimwemwe conse.

Krisimasi yotsatira tinacita monga tinapangana. Nkhuku zinali ziwiri, ndi anthu anacuruka kuposa kale; ndipo zinakwanira. Mnyamata wophunzira uja ndiye anagwira mphika. Nkhalamba ya kuseri kwa khoma inabwera itabvala taye, ndi mabisiketi a kuno m'manja. Inayesa nsima ndi supuni, kenaka inaona ana, nisamba m'manja. Pamene acemwali aja anaimba foni kumudzi, amai sanafunse za mpunga kapena za cambo. Atamva kuti pali mlendo wa imvi, anati: “Nanga nthutumba mwampatsa yani? Musandicititse manyazi kwa eni dziko.” Ndipo tinampatsa mlendoyo, ngakhale sanadziwe ulemu umene analandira kufikira tinamfotokozera.

Mau kwa Inu a Kumudzi

Tsono tiri ndi mau atatu kwa inu, makolo ndi abale athu. Oyamba ndi awa: musayese moyo wa mwana wanu ndi cithunzi ca tsiku limodzi. Kuseri kwa gome lodzala kuli lendi ya nyumba, ndalama za moto wa m'nyengo yacisanu, ndi mausiku osagona. Ndipo ambiri amene amwetulira pa cithunzi adya okha caka conse. Akaphika za kwao, musati anyada. Alikugwira cingwe kuti cisaduke.

Aciwiri: musakhale cete monga amai aja anakhala kufikira anaona cithunzi. Nenani zosowa zanu pa nthawi yace, mvula isanagwe, ndi mau oongoka. Ndipo wina akapita kumene kuli ana anu, mpatseni kaphukusi ka mfutso kapena ka usipa. Musati nkocepa. Cibale ndi pfupa, siciola. Koma kaphukusi kotere kakumbutsa mwana koposa makalata khumi a madandaulo. Ndipo pomfunsa za madyerero ace, musafunse kuti, Munadya ciani? koma, Munadya ndi yani? Yankho lace lidzakuuzani ngati mwana wanu akali wanu.

Acitatu tinena ndi mantha, popeza ndife ana: muyeso uwu suli wa a kunja okha. Munthu angathe kuchona ali m'mudzi mwace momwe. Krisimasi ikudzayi, pamene mpunga wapsya ndi ana abvala zatsopano, yang'anani tsidya la bwalo, ku nyumba imene utsi suturuka. Ife tinayenda ulendo wautali ndi kucita manyazi pamaso pa mai wokalamba kuti tiphunzirenso cimene munatiphunzitsa tiri ana; inu muli naco pafupi. Mbale yoyamba idzapita kwa yani?